Tsiku Limene Ndinalemba Wamoyo Pamanda

Abale anga, musanandiombere m'manja, dziwani kaye munthu amene waima patsogolo panu. Mu Kafue monse muno, kuyambira ku Estates mpaka kutsikira kumtsinje, palibe mlembi amene zolemba zake zawerengedwa ndi anthu ochuluka kuposa zanga. Amaziwerenga ali chiimire, amuna atavula zisoti, amayi akupukuta misozi.

Ndimalemba maina pa zikwangwani za pamanda. Tizitsulo takuda tija, tolembedwa ndi penti yoyera: dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira. Mabuku anga ndi amenewo. Mwa anthu onse amene ndinawalemba, mmodzi yekha ndiye anabwera kudzadandaula, ndipo ndi chifukwa cha iyeyo ndaima pano lero osadzandira.

Dzina langa ndine Lakisoni. Ndinapita ku koleji ku Lusaka kukaphunzira uphunzitsi, ndipo ndinakhalako chaka chimodzi ndi temu imodzi. Ndinaphunzira zambiri kumeneko, makamaka malo ogulitsa mowa wotchipa. Atandichotsa ndinabwerera kuno ndi sutikesi, dikishonale ndi ludzu. Amayi anauza anthu oyandikana nawo kuti mwana wabwera ku holide. Holide imeneyo inatenga zaka zisanu ndi chimodzi.

Sindikutayirani nthawi ndi mmene ndinatsetserekera, poti ena mwa inu njirayo mukuidziwa kuposa ine. Ndinayamba ndi wa m'mabotolo, ndinatsikira ku wa m'mapaketi, ndinakathera pa kachasu wa m'komboni, kuseri kwa chigayo. Ndinagulitsa foni. Ndinagulitsa simbi ya amayi. Dikishonale inapita ndi makapu awiri. Anzanga omwa nawo ankanditcha Profesa, chifukwa ndikaledzera ndinkawafotokozera mavuto a dziko lino m'Chizungu, kenaka n'kudzikodzera. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo ndinadzuka ndili mu ngalande pafupi ndi siteshoni ya sitima, nsapato imodzi kulibe, anthu akundilambalala popita kukakwera minibasi. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali chaching'ono. Amayi anayamba kukhoma chitseko cha kuchipinda kwawo akamapita kumsika. Ndinkangomva loko ikulira.

Amene anandipatsa ntchito ndi Ba Zulu, kalipentala wa mabokosi a maliro kuseri kwa msika, bambo woimba nyimbo za m'tchalitchi misomali ili m'kamwa. Anaona kuti dzanja langa limalemba bwino. Lamulo lawo linali limodzi lokha: usabwere pano utamwa. Koma pofika nthawi imeneyo dzanja langa linkanjenjemera m'mawa uliwonse, ndipo mankhwala ake anali kapu imodzi. Ndinkamwa, n'kutafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke, n'kugwira bulashi. Ndinkadziuza kuti sindikumwa, ndikuwongola dzanja.

Tsiku lina m'chilimwe mu shedi ya Ba Zulu munalowa mkulu wina wamtali, woonda, wovala jekete yoti inali yakuda kale. Anali Ba Hamoonga, msodzi wakale wa kumtsinje. Akazi awo, Ba Esinati, anali atamwalira dzulo lake. Anatulutsa kapulasitiki ka shuga kopindapinda, mkati muli ma reji awiri, zitupa zija za boma, chawo ndi cha akazi awo. Zinkakhala limodzi m'kapulasitiki kameneko chikwatirane.

"Ukope pamene apa, mwana wanga," anatero. "Ine maso yanasila, siniona bwino."

Analowa mkati ndi Ba Zulu kukasankha bokosi. Tsiku limenelo dzanja ndinali nditaliwongola ndi makapu anayi. Ndinasolola chitupa chimodzi, ndinakopera dzina ndi tsiku lobadwa pa pepala, ndinabweza kapulasitiki. Pa chitupacho panali chithunzi, abale anga. Chithunzi cha mwamuna wa ndevu. Sindinachione. Ndinalemba chikwangwanicho mwaluso lonse, ndipo ndikuuzani zoona, zilembo zokongola ngati zimenezo sindinalembeponso. Chitauma ndinachikulunga ndekha mu pepala la simenti.

M'mawa mwake ndinakwera nawo lole yopita kumanda. Sindinapite chifukwa cha chisoni. Ndinkadziwa kuti pobwera kumakhala chakudya kunyumba ya maliro.

Atakwirira, abale ataika maluwa, mwana woyamba wa Ba Hamoonga, amene amagwira ntchito ku fakitale ya feteleza, anamasula pepala lija n'kuzika chikwangwani kumutu kwa manda. Wotsogolera mwambo anawerama kuti awerenge mokweza monga timachitira. Anatchula chilembo choyamba basi, n'kutseka pakamwa. Anthu a kutsogolo anayamba kubwerera m'mbuyo. Mayi wina anakuwa, ndipo kulira kumene kunali kutatha kunayambiranso, koma kulira kwina, kwa mantha. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Ivi ni vamfiti, bafuna kutenga na bamudala."

Ba Hamoonga anali atakhala pa kampando pafupi ndi mandawo, amoyo, chipewa chili pa bondo.

"Balemba chani?" anafunsa.

Onse anayang'ana pansi.

"Nifunsa, balemba chani pa mukazi wanga?"

Mlongo wawo ndiye anawanong'oneza. Pa manda a akazi awo panalembedwa Jelemiya Hamoonga, tsiku lawo lobadwa, ndi tsiku lakuti amwalira dzana.

Mwana wawo anandipeza msanga, poti ndinali ndi penti m'zikhadabo. Anandigwira pakhosi. Mbama ziwiri ndinazimva, yachitatu ndinaimvera pansi. Anyamata ena anali atatola kale mafosholo. Pamenepo mkulu uja anaimirira.

"Musiyeni. Esinati sitizamuika na ndeo."

Anazula yekha chikwangwanicho n'kuchipanira m'khwapa. Anapempha kapu ya chitsulo imene akazi awo ankamwera tiyi, imene amayi ena anabwera nayo, n'kuiika pamwamba pa mulu wa dothi kuti pakhale chizindikiro. Anthu anabalalika osayang'anana.

Ba Zulu sanakalipe. Anangonditengera bulashi m'manja n'kundilozera njira. Ndinamwa masiku atatu osalekeza. Pa tsiku lachitatu ndinakaima pa mlatho waukulu, magalimoto akudutsa kumbuyo kwanga, ndikuyang'ana madzi. Ndinaimapo nthawi yaitali. Ndikunena zimenezi chifukwa mwina pali wina muno amene anaimapo pamalo otero, ndipo akuganiza kuti ndi yekha.

Tsiku lachinayi m'mawa amayi anandigwedeza phazi.

"Uka. Kuli bamudala panja bakufuna."

Ndinatuluka. Ba Hamoonga anali atakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi, chikwangwani chija chili pa miyendo.

"Ndimwe ba Profesa?"

"Ndine, atate."

"Nabweza imfa yanga. Sininaiode."

Ndinagwada pa fumbi. Ndinayamba kupepesa ndi mawu ataliatali amene ndinabwera nawo ku koleji. Anandimvetsera pang'ono n'kukweza dzanja.

"Nyamuka. Mabondo yako siyazalemba."

Anandiuza kuti Ba Zulu anafuna kuitana wolemba wina, ndipo mwana wawo anafuna kukagula chikwangwani chabwino ku Lusaka. Onse anawakanira. Amene anaononga ndiye akonze, pa chitsulo chomwecho. Koma panali lamulo.

"Ine nenze chakolwa kupambana iwe," anatero. "Nenzomwa mpaka bwato yabwela yeka. Esinati ananipemphelela zaka khumi. Nikanunkha moba sanali kunilowesa mu nyumba, koma nshima anali kuniikila pakhomo, yovinikila bwino kuti nkhuku zisadye. Yeve sanalabeko moba olo kamozi. Manje zina yake siizalembewa na kwanja ili na kachasu. Ulembe ulibe kumwa."

Ndinatambasula manja anga kuti awaone. Ankagwedezeka ngati a munthu wa malungo.

"Atate, popanda kumwa sindingalembe ngakhale chilembo chimodzi."

"Nizayembekeza," anatero. "Ku nyumba kulibe wokamba naye, nilibe vochita m'mawa. Koma mvula yeve siyembekeza."

Ndinadziwa chimene ankatanthauza. Inu amene mumapita kumanda athu mukudziwa. Tsiku lililonse pamakumbidwa atsopano, mizere imawonjezeka, ndipo mvula ikagwa milu imatitimira n'kufanana yonse. Manda opanda dzina akapyola dzinja limodzi, ngakhale mwini wake amangoloza kuti ndi chapompano. Mayi amene anakhala ndi mwamuna wake moyo wonse anali pansi pa kapu ya tiyi chifukwa cha ine, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo.

Malo oyamba amene Ba Hamoonga anapita nane si kutchalitchi. Anapita nane ku kiliniki. Anati iwo posiya mowa anagwa khunyu m'bwato, pang'ono afe. Nesi amene tinamupeza anandiyang'ana m'maso, anandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, ndinanama, anandifunsanso, ndinanena zoona. Anati munthu amene wamwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi yekha kunyumba atha kufa nazo. Anandipatsa mankhwala ndi masiku obwererako. Ndiye m'bale wanga, ngati manja ako amanjenjemera m'mawa, usachite manyazi, pita kumeneko. Pemphero ndi kiliniki sizinayambanepo.

Ba Zulu anandilola kubwerera ku shedi chifukwa cha chikwangwani chimodzi chokhacho. Anandiponyera sandipepa osandiyang'ana. Masiku awiri oyamba ntchito yanga inali kupala dzina la Jelemiya Hamoonga, mwini dzina atakhala pa benchi akuyang'anira.

"Pala bwino pa deti apo," ankatero. "Nikali kumvela monga nadwala."

M'mawa uliwonse tisanayambe ankavula chipewa n'kupemphera. Pemphero lake linali ili: "Atate, tabwela futi. Uyu ni Lakisoni, mumuziba. Manja yake ni aya. Ameni." Ine ndinakulira m'mapemphero a zokuzira mawu, a thukuta, ogwedeza malata. Ndinkaona ngati pemphero laling'ono chonchi silingapyole denga la shedi.

Kenaka ankandipatsa kathabwa kotsala ku mabokosi kuti ndijambulepo mzere umodzi woongoka ndi bulashi. Ankakayandikiza kumaso n'kupukusa mutu. Mizere yanga inkakhota ngati mtsinje wathu womwewu.

Pafupi ndi shediyo pali Amake Chanda, amene amakazinga vitumbuwa. Palibe anawapempha kanthu. Tsiku lachiwiri anangobwera ndi tiyi wa shuga wambiri n'kundipatsa. Theka ndinathira pa buluku.

"Profesa, digiri yako ni ya kutaya tiyi?"

Anatenga kapuyo, anaigwira okha, n'kundimwetsa ngati mwana, pamaso pa anthu odutsa. Ndinalira ndi manyazi. Iwo anati, "Lila, koma meza." Kuyambira tsiku limenelo sankalola kuti ndigwire chilichonse ndisanadye. Ndi iwonso amene anaona kuti popita kwathu ndimadzera kuseri kwa chigayo. Anati, "Iyo njila yafa. Uzipita ya ku siteshoni olo ni yaitali." Akandiona ndikukhotera kolakwika ankakuwa dzina langa msika wonse n'kutembenuka.

Ndinapirira masiku asanu ndi atatu. Thukuta, kusanza, kuona tizilombo pakhoma. Tsiku lachisanu ndi chinayi kunagunda bingu chakumadzulo, ndipo ndinadziuza kuti nthawi yatha, mayi uja atayika, kapu imodzi yokha ingapulumutse manda ake. Mwaona mmene mdani amalankhulira? Amabwera ngati wofuna kuthandiza. M'mawa ndinadzera kuchigayo Amake Chanda asanayale malonda. Ndinatafuna gwafa. Ndinafika pa shedi, ndinajambula mzere woongoka ngati njanji.

Ba Hamoonga anayandikiza thabwalo kumaso. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Yaongoka maningi," anatero. "Sendela kuno."

Ndinasendera. Sanafunike kununkhiza kawiri. Sanandinyoze, sanalalikire. Anavala chipewa, anapanira chitsulo chija m'khwapa, n'kumapita. Ba Zulu anasiya kukhoma. Nyimbo inathera m'kamwa mwawo.

M'mawa mwake mkuluyo sanabwere. Tsiku linalo sanabwerenso. Ndinkakhala pa benchi yawo ndekha, manja akunjenjemera, Amake Chanda akundiikira tiyi pambali. Mbama za kumanda zija sizinapweteke ngati benchi imeneyo.

Tsiku lachitatu ndinafunsa njira, ndinatsikira kumtsinje. Nyumba yawo ndi yaing'ono, ya zipinda ziwiri, kuseri kuli bwato lakale lovundikira. Ndinawapeza atakhala pakhomo, ukonde uli pa miyendo koma osasoka. Pa chingwe panali chitenje cha akazi awo, chouma gwa, chodzaza fumbi. Chinayanikidwa mayiyo asanapite kuchipatala, ndipo palibe amene anali atachichotsa. Pafupi ndi phazi lawo panali poto wa phala lopserera.

Ndinakhala pansi chapatali mpaka mthunzi unasuntha.

"Nenze nalema," anatero pomaliza. "Na ine ndine munthu. Esinati anakwanisa zaka khumi, ine nalema na masiku naini."

Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti mkuluyu ndi mwala, woti Mulungu anamutuma kudzandikonza ine. Pakhomo paja ndinaona bambo wokalamba amene mkazi wake wamwalira, amene sadziwa kuphika phala, amene m'mawa uliwonse ankayenda mtunda wonse uja kudzakhala ndi munthu amene anamulemba kuti wafa. Ndipo ine ndinamubwezera fungo la gwafa.

"Atate, ndipempherereni."

"Pemphela iwe. Si ndiwe uli na Chizungu chambili?"

Ndinatseka maso. Ndinafunafuna mawu aakulu aja, onse anali atathawa. Ndinakhala choncho mpaka panatuluka awa okha: "Ambuye, ndalephera. Ndekha sindingathe. Mayi uja asatayike chifukwa cha ine."

"Ameni," anatero Ba Hamoonga. "Iyo yafika."

Sindinaone kuwala kulikonse, abale anga. Manja sanasiye kunjenjemera. Ndinangoimirira, ndinatsuka poto uja, ndinawaphikira phala lina. Linali ndi mibulu, koma anadya. Pochoka anandipatsa chitsulo chija kuti ndinyamule ndine.

Ndinabwerera ku kiliniki ndinakaulula kwa nesi uja. Anati zimachitika, tiyambirenso. Ndinauza amayi anga zonse, kuyambira za simbi. Lamlungu Ba Zulu anandidzera kunyumba osandifunsa ngati ndikufuna, n'kundikhazika pa benchi ya kumbuyo m'tchalitchi muno, pafupi ndi khomo, iwo atakhala mbali ya kukhomoko kuti ndisathawe. Ndipo popeza mkulu uja anali atatopa ndi mtunda, tinasinthana. M'mawa ndinkayamba ndine kupita kumtsinje, kuwaphikira, kenaka n'kubwera nawo limodzi. Ndinazindikira kuti ola limene ndinkalakalaka kachasu kwambiri ndi lomwelo limene iwo ankasowa akazi awo kwambiri. Tinkalidutsa tili awiri.

Mvula yoyamba inagwa mzere wanga ukadali wokhota. Yachiwiri inagwa yamphamvu, ngalande za m'tauni zinasefukira. Ndinawapempha kuti andilole ndilembe choncho, kapena tiike kaye kathabwa. Anati kathabwa kadzandipatsa ulesi. Ndinkagona ndikumva madzi pa malata, ndikuganiza za kapu ija.

Panatha masabata atatu chimwereni komaliza. M'mawa wina ndinajambula mzere, ndipo anauyang'ana, anandiitana kuti ndisendere, anandinunkhiza, n'kunena kuti, "Siyaongoka kwenikweni. Koma ni yako. Lemba."

Ba Zulu anakana kundipatsa penti ya pa shedi. Anati imeneyi ukagule wekha. Ndinathamangira ku shopu ya zitsulo ndi ndalama zimene ndinapeza powapalira matabwa. Nthawi ino chitupa ndinachiyang'ana katatu, chithunzi chomwe: mayi wa duku, wa maso akuthwa. Dzina limene kale ndikanalemba pa mphindi khumi linanditengera m'mawa wonse. Ba Zulu anasiya kukhoma kuti benchi isagwedezeke. Amake Chanda anapsereza vitumbuwa akusuzumira. Zilembo zake si zokongola. Mukapita kumanda mukaziona, chachiwiri chinapendekeka ngati chikufuna kukhala pansi.

Chitauma tinapita awiri, wapansi, m'matope. Pamene tinaika maliro paja panali patawonjezeka mizere iwiri yathunthu. Maluwa anali atakokoloka, milu itaphwa. Ba Hamoonga anaima pakati pa manda akutembenuka uku ndi uku. Sindinawaonepo ndi mantha mpaka tsiku limenelo. Ndinayenda mulu ndi mulu, ndikufukula matope ndi zala paliponse popanda chikwangwani. Pa wachisanu ndinakhudza chogwirira. Kapuyo inali itamira, kungotsala mlomo wake, yodzaza dothi. Mvula ina imodzi ikanaikwirira.

Ndinakhoma chikwangwanicho ndi mwala mpaka chinalimba. Iwo anagwada, anayendetsa zala pa zilembo chimodzichimodzi.

"Belenga. Mokweza."

Ndinavula chisoti, ndinawerenga. Esinati Hamoonga. Tsiku lobadwa. Tsiku lomwalira.

"Ni yeve," anatero. Ndipo analira, koyamba chiikire maliro aja. Ndinaima pambali mpaka anamaliza.

Papita zaka ziwiri tsopano sindinalawe. Sindikulonjezani za mawa, ndikungokuuzani za lero. Ba Hamoonga ali apo pa benchi yachitatu, akadali moyo ngakhale ndinayesetsa. Ba Zulu ali pakhomo monga mwa masiku onse. Amake Chanda sanabwere, akuti umboni sugulitsa vitumbuwa. Palibe mmodzi wa iwo amene anaimapo pa guwa, ndipo palibe amene ananditsegulira vesi. Ine Yesu ndinamudziwira kwa anthu amenewa, m'mawa, pa shedi ya mabokosi. Iwe amene wakhala kumbuyoko ukubisa manja pakati pa mawondo, ndakuona, ndipo sindikutchula. Tikatuluka undipeze. Mawa m'mawa ndilibe chochita, ndikuperekeza ku kiliniki.

Wina anandifunsa panja kuti kuwomboledwa konseku kunandidyera zingati. Kachitini ka penti yoyera, makwacha sate-faifi. Tiyi sanandilipiritse.